Ceftriaxone atasiya kugwira: zomwe ndinaona ndikudikirira achimwene ku ICU

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina ya masana, ndipo chaka ndi chaka ana a Fomu 4 ndimawauza nkhani ya nsawawa za Gregor Mendel, kuti chibadwa chimatsika kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Kwa munthu, mbuzi ndi chimanga zimenezo n'zoona. Kwa mabakiteriya ndi theka chabe la nkhani, ndipo theka linalo ndinakaliona pa achimwene anga atagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya (ICU) pa chipatala china chachikulu. Ndikulembera anzanga amene tsiku lina mudzakhale pa benchi ya panja pa ICU n'kumva adokotala akuti mankhwala sakugwira, inu osadziwa choti mufunse.

Achimwene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Anawombana ndi lole madzulo ena, nthiti zinathyoka, kapamba anang'ambika, magazi n'kutayikira m'mimba. Potuluka ku fiyeta sankatha kupuma okha, choncho anawaika paipi kukhosi, makina n'kumawapumira. Anawaikanso kanyula wamkulu mumtsempha wa m'khosi ndi katheta wa mkodzo. Jakisoni wawo anali ceftriaxone, amene anamwino amangoti "cef", kabotolo ka ufa kaja kamene aliyense wogonapo m'chipatala cha boma zaka zino amakadziwa. Masiku oyamba zinthu zinkayenda bwino, mpaka anamwino anayamba kukamba zowachotsa pamakina. Kenako thupi linatentha, makhololo otuluka m'paipi analimba n'kusintha mtundu, BP inayamba kutsika, pomwe cef uja ankabayidwa tsiku lililonse osadumphitsa.

Kumalo ophikira magadiyani aliyense anali ndi yankho lake. Azakhali anati apa pali dzanja la munthu. Alamu anga, akazi a achimwene, anati thupi la amuna awo linazolowera mankhwala, chifukwa kachifuwa kalikonse ankangogula amoxicillin kapena bactrim pa golosale, kumwa masiku awiri, n'kubwerera pa siteji. Mawu a alamuwa ndinawatengera kwa adokotala amene ankayang'anira chipindacho, mayi wachichepere wosachulutsa mawu.

"Bambo, thupi la achimwene anu silinazolowere kanthu," anatero. "Amene sakumva mankhwala ndi tizilombo. Ndatenga magazi ndi makhololo ndisanasinthe jakisoni, tione kuti ndi tizilombo tanji ndipo tikumva chiyani."

Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa mmene kumamvekera. Likanakhala thupi, vuto likanathera pa munthu mmodzi. Koma popeza ndi tizilombo, tingathe kuchoka pa iye n'kukalowa mwa munthu amene sanamwepo kapisozi chibadwire, ngakhale khanda la tsiku limodzi. Alamu sanaphonye kwenikweni. M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi, ambiri othandiza, ndipo nthawi iliyonse tikamwa maantibayotiki timapha amene amamva mankhwala n'kusiyira malo otakasuka amene samva. Makapisozi a pa golosale aja ankakonzera malo tizilombo touma mutu, osati kulimbitsa thupi la achimwene.

Blood culture, komwe ndi kumeretsa tizilombo ta m'magazi ku labu kuti tidziwike, satuluka tsiku lomwelo. Mabakiteriya ayenera kukula kaye m'botolo, kenako pa mbale, kenako n'kuwayesa ndi mankhwala, ndipo zonsezi zimatenga masiku awiri kapena kuposa. Pepala litabwera linali ndi dzina lakuti Klebsiella pneumoniae, m'munsi mwake mndandanda wa mankhwala, pambali pa lililonse chilembo. Ampicillin R, ceftriaxone R, gentamicin R, ciprofloxacin R, cotrimoxazole R. Awiri okha ndi amene anali ndi S, meropenem ndi amikacin. R ndiye kuti kachilomboko sikamva mankhwalawo, S ndiye kuti kamamva. Pakona panalembedwa zilembo zinayi, ESBL.

Mwamwayi, mmodzi mwa ogwira ntchito ku labu anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo. Anandipeza pa khonde n'kundionetsa pa foni yake chithunzi cha mbale yoyesera. Pamwamba pake ponse panali mabakiteriya otuwa, ndipo anaikapo timapepala tozungulira, kalikonse konyikidwa m'mankhwala ake. Pozungulira kapepala ka meropenem panali bwalo loyera lopanda kanthu. Pa ka ceftriaxone mabakiteriya anamera mpaka kukakhudza kapepalako.

"Aphunzitsi, munkatiuza kuti enzyme iliyonse ili ndi ntchito yake," anatero. "Iyi ntchito yake ndi kudula cef."

Mmene zimakhalira ndi motere. Penisilini, amoxicillin, ceftriaxone ndi meropenem ndi a banja limodzi, ndipo onse ali ndi kamphete kamodzi m'kapangidwe kawo kotchedwa beta-lactam. Kamphete kameneko ndi kamene kamalepheretsa bakiteriya kumanga khoma lake, n'kuphulika. Mabakiteriya ena amapanga enzyme yodula kampheteko mankhwala asanafike pa khoma. Zodula penisilini zinadziwika kalekale. ESBL ndi gulu la ma enzyme amene amadula ngakhale ceftriaxone ndi anzake. Malangizo opangira enzyme yotere ndi gene imodzi, kachidutswa kochepa ka DNA poyerekeza ndi zilembo zoposa 5 miliyoni zimene Klebsiella ali nazo.

Apa ndi pamene Mendel amathera. Gene imeneyi kawirikawiri sikhala pa chromosome, DNA yaikulu ya bakiteriya, imakhala pa kamkombero kapadera ka DNA kotchedwa plasmid, dzina limene Joshua Lederberg anapereka mu 1952. Bakiteriya akagawikana pawiri, ana onse amatenga plasmid, ndipo zikakhala bwino E. coli, bakiteriya wa m'matumbo, amagawikana pa mphindi 20 zilizonse. Kumeneko ndi kutsika kwa kholo ndi mwana kuja. Koma bakiteriya amathanso kukhudzana ndi mnzake woyandikana naye, kukopera plasmid n'kumupatsa, iye osataya yake. Wolandirayo sachita kukhala mbale wake. Klebsiella amapatsa E. coli, E. coli n'kupatsa Enterobacter. Zili ngati nyimbo za pa memory card zimene anyamata amakopetsa pamsika: foni kaya ndi Itel kaya Tecno, ikalandira imayimba nyimbo zonse, ndipo mwini wake mawa akopetsa wina. Ofufuza a ku Japan ndi amene anazindikira izi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ataona mabakiteriya a kamwazi otchedwa Shigella akusiya kumva mankhwala anayi nthawi imodzi, ndipo anaonetsa kuti khalidweli limasamuka pakati pa Shigella ndi E. coli.

Izi zinandimasulira ma R onse aja. Ndinkadabwa kuti gentamicin ndi ciprofloxacin, amene achimwene sanalandire n'komwe m'chipatalamo, akukanidwa bwanji. Plasmid imodzi imatha kunyamula ma gene angapo pamodzi, ina yodula cef, ina yolepheretsa gentamicin, ina ya cotrimoxazole. Ukagwiritsa ntchito mankhwala amodzi okha mwa amenewa, umasankha mabakiteriya onyamula mtolo wonse.

Gene ya ESBL yofala kwambiri padziko lonse imatchedwa CTX-M-15. Inafotokozedwa koyamba kuchokera kwa odwala a ku India cha m'ma 2000, ndipo makolo a banja lonse la CTX-M anachokera kwa Kluyvera, mabakiteriya a m'chilengedwe amene kawirikawiri sadwalitsa munthu. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, amene akhala akuyeza magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira mu 1998, anaipeza CTX-M-15 yomweyo ikutsogola mu Klebsiella ndi E. coli za kuno. Ziwerengero zawo zinatuluka mu 2017 m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases. Pakati pa 2003 ndi 2016, E. coli wa m'magazi wokhala ndi ESBL anakwera kuchoka pa 0.7 peresenti kufika pa 30.3 peresenti. Klebsiella anachoka pa 11.8 peresenti kufika pa 90.5 peresenti. Kunena kwina, pofika 2016, mwa Klebsiella 10 aliwonse opezeka m'magazi a odwala kumeneko, 9 sankamva ceftriaxone, amene ndi jakisoni woyamba kwa pafupifupi aliyense wodwala kwambiri m'zipatala zathu. Nditawerenga zimenezi ndinasiya kuganiza kuti achimwene anachita tsoka lachilendo.

ICU ndi malo amene zonsezi zimakumana. Odwala ake ndi ofooka, pafupifupi onse ali pa maantibayotiki, ndipo aliyense ali ndi mapaipi olambalala chitetezo cha thupi, wina kukhosi, wina mumtsempha, wina m'chikhodzodzo. Klebsiella amatha kukhala m'matumbo mwa munthu phee osamudwalitsa, koma akapeza paipi amakwera nayo mpaka m'mapapo kapena m'magazi. Amakondanso malo onyowa monga ngalande ya sinki ndi botolo la makina oyamwira makhololo. Ndipo wodwala mmodzi amagwiridwa kambirimbiri patsiku ndi manja omwe akugwiranso anzake.

Nkhani inavuta pamene zinamveka kuti bambo wina wa bedi loyandikana ndi la achimwene anapezekanso ndi Klebsiella wa ma R ofanana. Abale ake anayamba kutiyang'ana ndi diso lofiira, ndipo azakhali sanachedwe kubweza kuti wodwala wawoyo ndi amene analipo kale ife tisanabwere. Ndinamufunsa mnyamata wa ku labu kuti anapatsira mnzake ndani.

"Ndi mbale yokha sitingadziwe, aphunzitsi," anayankha. "Ma R kufanana sikutanthauza kuti ndi kachilombo kamodzi. Atha kukhala awiri osiyana onyamula plasmid yofanana, kapena aliyense anabwera ndi wake m'matumbo. Kuti mudziwe muyenera kuwerenga DNA yonse ya awiriwo n'kuwerengetsa zilembo zosiyana."

Iye ndi amene anandiuza kuti ndikawerenge zimene zinachitika ku NIH Clinical Center, chipatala cha kafukufuku cha boma la America ku Bethesda, m'chigawo cha Maryland. Mu Juni 2011 analandira mayi wina wochokera ku chipatala cha ku New York, wodziwika kale kuti ali ndi Klebsiella wonyamula KPC, enzyme yodula ngakhale meropenem, imene inapezeka koyamba ku North Carolina mu 1996. Anamuika payekha, aliyense wolowa kuvala magolovesi ndi gauni, mpaka anatuluka. Panapita milungu itatu popanda wina kudwala, ndipo anthu anayesa kuti zatha. Kenako anayamba kupezeka ena, mmodzimmodzi. Onse pamodzi anafika 18, ndipo 11 anamwalira, 6 mwa iwo chifukwa cha kachilomboko.

Evan Snitkin, Julie Segre, Tara Palmore ndi anzawo anawerenga DNA yonse ya Klebsiella wa wodwala aliyense. Bakiteriya akamagawikana, mwa apo ndi apo chilembo chimodzi chimasintha n'kutsalira mwa ana ake onse, ndiye potsata zilembo zosinthazo munthu amatha kulemba mzere wa mbadwo. Anapeza kuti onse anachokera kwa mayi woyamba uja, ndipo kachilomboko kanatuluka mwa iye maulendo atatu osiyana. Chodabwitsa chinali chakuti ndondomeko imene anthu anadwalira sinali ndondomeko imene anatengera kachilomboko. Ena anakanyamula m'matumbo kwa milungu osaonetsa chizindikiro chilichonse, n'kumapatsira anzawo. Anakapezanso m'ngalande za masinki ndi m'makina opumira amene anali atatsukidwa kale, mpaka anazula mapaipi ena a madzi, n'kuika anthu oti ntchito yawo ikhale kungoyang'anira kuti aliyense wolowa wasamba m'manja. Zotsatira zake anazisindikiza mu 2012.

Ndinawafotokozera azakhali nkhaniyi mwachidule, ndipo mkangano wa pa khonde unazilala, ngakhale sindikuganiza kuti anakhutira. Kwa ine phunziro lake linali lakuti amene anayamba kutentha thupi si amene nthawi zonse anabweretsa matenda, choncho kulozana zala pakati pa magadiyani n'kungotaya mphamvu. Ndipo ngati chipatala cholemera chotero chinavutika miyezi yambiri, sindingaimbe mlandu anamwino athu amene ndinkawaona mmodzi akuthamangira mabedi angapo usiku, nthawi zina madzi a pa mpopi atasiya.

Chimene gadiyani angachite chili m'manja mwake mwenimweni. Ku ICU amatilola kulowa kanthawi kochepa, koma m'kanthawi komweko timagwira chitsulo cha bedi, kupukuta wodwala pamphumi, kugwira foni, kenako n'kupatsa moni gadiyani mnzathu amene akukalowanso kwa wodwala wake. Ife tinagula sanitizer wathu wa m'thumba. Bungwe la WHO limati mankhwala opaka m'manja atikitidwe masekondi 20 mpaka 30, ndipo kusamba ndi sopo kutenge masekondi 40 mpaka 60. Yesani kuwerenga, muona kuti ambirife timalekeza pa masekondi asanu. Manja akakhala ndi zonyansa zooneka, makamaka mukachotsa thewera kapena beseni, pakufunika sopo ndi madzi, osati sanitizer. Tinasiyanso kubwerekana mabeseni, nsalu zopukutira ndi makapu ndi magadiyani anzathu. Izi zinali zovuta kuposa kusamba m'manja, chifukwa kwathu kukana kubwereka beseni kumaoneka ngati umbombo, ndipo alamu anachita kufotokoza kangapo kuti tikuteteza odwala awo kwa wathu. Mu sinki ya mu wodi musathiremo phala lotsala kapena tiyi, chifukwa mukudyetsa zimene zili m'ngalandemo.

Kufunsa nakonso kumathandiza, bola mwaulemu. Wodwala akayambiranso kutentha thupi ali kale pa jakisoni, funsani ngati atenga culture, ndipo ndi bwino atenge asanasinthe mankhwala, chifukwa mankhwala atsopano akalowa m'magazi kachilombo katha kukana kumera m'botolo. Zotsatira zikachedwa, pitani mukakumbutse, mapepala amatha kugona ku labu. Adokotala auzeni zoona zokhazokha za mankhwala amene wodwala anamwa miyezi yapitayo, a pa golosale omwe, komanso ngati anagonapo m'chipatala china kapena kunja kwa dziko. Funsaninso tsiku ndi tsiku ngati katheta ndi kanyula akufunikabe. Adokotala athu funsoli ankalilandira bwino, ndipo anati paipi iliyonse yochotsedwa msanga ndi njira imodzi yotsekedwa.

Achimwene anawayamba meropenem, maola 8 aliwonse kudzera mu dripu. Amikacin anamusiya pambali chifukwa amavulaza impso ndi makutu, ndipo impso zawo zinali kale zofooka ndi ngozi ija. Meropenem sanali wokwanira m'famase ya chipatala, ndiye mabotolo ena tinakagula kunja ndi chikalata cha adokotala, pa mtengo umene unatidyera mbuzi za kumudzi. Pano ndichenjeze: mankhwala amenewa si ogula chifukwa mwamva dzina lake pa khonde. Ndinaona banja lina likufuna kugulira wodwala wawo meropenem popanda culture, poganiza kuti wodula ndiye wamphamvu pa chilichonse. Meropenem ali m'gulu la mankhwala omaliza, ndipo ma enzyme omudula alipo kale. Kupatula KPC pali NDM-1, imene inapezeka mu 2008 mwa wodwala wa ku Sweden amene anagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi, ndipo m'zaka zochepa inafika m'mayiko ambiri itakwera ma plasmid. Mtundu wina wa m'banja lomweli, NDM-5, ofufuza anaupeza kale mu E. coli wa wodwala ku Blantyre. Meropenem akalephera madokotala amabwerera ku colistin, mankhwala akale owononga impso, koma mu 2015 ofufuza a ku China analengeza za mcr-1, gene ya pa plasmid yokana colistin, yopezeka mu nkhumba, nyama ya pamsika ndi odwala. Kafukufuku wamkulu wotuluka mu The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfa zinali zochuluka kwambiri kuno ku Africa kumwera kwa Sahara.

Thupi la achimwene linazizira pang'onopang'ono, anawachotsa pamakina, n'kupita ku wodi wamba. Tsiku lotuluka adokotala aja anachita chinthu chimene ndikupempha gadiyani aliyense kuti akachipemphe. Anatenga buku lawo la kuchipatala n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu dzina la kachilomboko, mawu akuti ESBL, ndi mankhwala amene kanakana ndi amene kanamva.

"Matenda apola, koma kachilomboka katha kukhalabe m'matumbo mwawo miyezi ingapo," anauza alamu. "Mayi, musawasale, adyere limodzi ndi ana. Chofunika ndi sopo pochoka kuchimbudzi ndi pokonza chakudya. Akadzadwalanso, bukuli lionetsedwe asanapatsidwe mankhwala."

Patapita miyezi achimwene anayamba kumva kuwotcha pokodza ndi kutentha thupi, zimene zimachitika kawirikawiri kwa munthu amene anakhala nthawi ndi katheta. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu adokotala anali atayamba kale kulemba ciprofloxacin, monga amachitira ndi aliyense wa vuto la mkodzo. Alamu anatsegula tsamba lija n'kuwaonetsa R wa pa ciprofloxacin. Adokotalawo anafuta zimene analemba, n'kuwatumiza ku chipatala cha boma la kwathu kuti akayezetse mkodzo ku labu, mankhwala asankhidwe potengera zotsatira.